Malikisi 42 enawo anapita kuti?

Bambo anga anaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ndipo kwa iwo malikisi alibe chinsinsi. Mwana akakhoza masamu 6 pa masamu 10, ndiye kuti anayi walakwa, ndipo anayiwo ukhoza kuwaloza ndi chala. Choncho tsiku limene ndinawaimbira foni ndili ku England kuwauza kuti essay yanga yoyamba yatuluka ndi 58, anakhala chete pang'ono kenako anafunsa kuti, "Nanga mwana wanga, 42 enawo anapita kuti?"

Ndinalibe yankho. Inenso usiku wonse ndinagona ndi funso lomwelo. Ndinali nditawerenga zonse zimene aphunzitsi anatipatsa, ndinalemba masamba onse amene anafuna, sindinachedwe kupereka, ndipo papepala lonselo panalibe malo ngakhale amodzi pamene anachonga kuti apa walakwa. Koma nambala inali 58.

Ine ndinakulira m'manja mwa MANEB. Pa MSCE nambala yaing'ono ndiye yabwino: 1 ndi pamwamba, 9 ndi kulephera, ndipo amaphatikiza maphunziro 6 amene wakhoza bwino, moti wopeza mapointi 6 dzina lake limamveka dziko lonse. M'kalasi, pa mayeso a teremu, ndinazolowera ma 80 ndi ma 90. Ukaloweza notsi bwinobwino n'kuzibweza papepala monga zinalili, malikisi ankabwera okha. Ndi mutu umenewu ndinalowa nawo yunivesite ina kumpoto kwa England, nditayamba ndachita chaka chimodzi cha foundation, popeza MSCE payokha sinkandilowetsa mwachindunji m'chaka choyamba.

Amene anayamba kunditsegula maso ndi mnzanga wa m'kalasi wobadwira komweko. Ataona nkhope yanga anafunsa chavuta n'chiyani, ndipo nditamuuza anadabwa kuti ndikudandaula. Anandijambulira makwerero ake pakona pa kope. Kuyambira 70 kupita m'mwamba ndi First, digiri yapamwamba. Kuyambira 60 mpaka 69 ndi 2:1, imene amaitchanso Upper Second. Kuyambira 50 mpaka 59 ndi 2:2. Kuyambira 40 mpaka 49 ndi Third, ndipo pansi pa 40 walephera. Ndiye kuti 58 yangayo inangotsala malikisi awiri kuti ifike pa 2:1. Anandiuzanso kuti pa maphunziro olemba nkhani zazitali ngati athuwa, 75 ndi chinthu chokondwerera sabata yonse, ndipo 85 ukhoza kumaliza zaka zitatu osamuona munthu woipeza. A masamu ndi a engineering amafika ma 90 chifukwa yankho lawo ndi lolondola kapena lolakwa, koma ife ayi.

Zimenezi zinanditonthoza, koma funso la bambo silinayankhidwe. Yankho lake ndinakalipeza mu ofesi ya aphunzitsi amene anachonga pepalalo, pa nthawi imene amaika sabata iliyonse yoti wophunzira aliyense afike kudzafunsa. Ndinachita kudzikakamiza kupita. Kwathu sitinaleredwe kuti mwana azikafunsa mphunzitsi chifukwa chimene wamupatsira malikisi akutiakuti. Zimaoneka ngati mwano.

Funso la essay ija linali loti kodi boma likamatsitsira alimi ang'onoang'ono mtengo wa fetereza, njala imatha? Ndinasangalala nditaliona, chifukwa nkhaniyi ndinakula nayo. Ndondomeko ya makuponi inayamba m'chaka cha 2005 ndikuona, ndipo mizere ya anthu pa depoti ndinaimamo ndi agogo. Ndinalemba zonse: mmene inayambira, mmene makuponi ankagawidwira, zimene ofufuza ena anapeza, zimene ena anatsutsa. Aphunzitsi anatsegula pepala langa pa kompyuta, pambali pake n'kuikapo tsamba lina limene ndinapatsidwa sabata yoyamba koma sindinalilabadire. Linali tsamba la muyezo wochongera. Pa gawo lililonse, 40, 50, 60, 70, panali mawu ofotokoza ntchito yoyenera gawo limenelo. Pa ma 50 panalembedwa za ntchito yosonyeza kuti mwini wake nkhaniyo akuidziwa ndipo waifotokoza molondola, koma yangothera pa kufotokozako. Pa ma 60 panali za ntchito imene ikuyeza maganizo a olemba osiyanasiyana n'kuonetsa amene ali ndi umboni wolimba. Pa 70 panali za munthu amene ali ndi mfundo yakeyake, waiteteza kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ndipo akudziwa pamene mfundo yakeyo ili yofooka.

Anandifunsa kuti, "Iweyo ukuganiza kuti njala imatha kapena ayi? Ndawerenga masamba onsewa koma sindinakumve." Ndinayankha pakamwa, mwina kwa mphindi ziwiri, kuti chimanga chimachuluka ndithu chaka chimene mvula yagwa bwino, koma banja losaukitsitsa nthawi zina limagulitsa kuponi chifukwa lilibe ndalama yoonjezera, ndiye thandizo limathera kwa amene ali ndi kenakake kale. Iwo anati zimene ndanena pa mphindi ziwirizo zikanakhala mutu wa pepala lonse, bwenzi tikukamba za ma 60 apamwamba.

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti 42 aja sanapite kulikonse, chifukwa sanakhalepo n'komwe. Wochonga sayamba ndi 100 n'kumachotsera ukalakwa. Amawerenga ntchito yonse, n'kuifanizira ndi mawu a pa muyezo uja, n'kuona kuti ikukhala m'chipinda chiti. Nambala imangonena ngati ili pafupi ndi khomo lolowera kapena lotulukira. Nditawafotokozera bambo zimenezi anati, "Ndiye kuti akuyeza ngati mmene timayezera chimangirizo." Ananena zoona. Kusiyana kwake n'koti kuno pafupifupi chilichonse ndi chimangirizo, ndipo chimene akufuna kwambiri si chilankhulo chokoma koma mfundo.

Pamenepo nkhawa ina inandigwira. Ngati malikisi akuchokera m'maso mwa munthu mmodzi, nanga akakhala kuti sakukonda? Nanga akaona dzina lachilendo pamwamba pa pepala? Funso limeneli ndinalisenza miyezi ingapo, ndipo ndikudziwa kuti ophunzira ambiri ochokera kwathu amalisenza mwakachetechete. Zimene ndinapeza zinandikhazika mtima pansi ndithu, ngakhale si kwathunthu.

Ntchito zambiri zimachongedwa popanda dzina. Umalemba nambala yako ya wophunzira basi, ndipo dzina limadzaoneka malikisi ataperekedwa kale. Akamaliza wochonga woyamba, mphunzitsi wina amatapa mapepala ena, apamwamba, apakati, olephera ndi amene ali m'malire, kuti aone ngati dzanja la mnzakeyo silinalemere kapena kupepuka. Dissertation, kafukufuku wamkulu wa chaka chomaliza, pa yunivesite yathu ankachonga anthu awiri aliyense payekha, kenako n'kukumana kuti agwirizane. Pamwamba pa onsewa pali external examiner, mphunzitsi wochokera ku yunivesite ina amene amabwera kudzaona zitsanzo za ntchito ndi malikisi ake, kuti 65 ya pano ifanane ndi 65 ya kwina. Mwambo umenewu ndi wakale. Unayambira ku Durham m'zaka za m'ma 1830, pamene yunivesite yatsopanoyo inkaitana oyesa mayeso ochokera ku Oxford. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa ndinaona mwambiwo ukugwira ntchito. Malikisi onse amene umaona pa kompyuta m'kati mwa chaka amakhala ongoyembekezera, mpaka bwalo la oyesa mayeso litakhala pansi n'kuwavomereza.

Ndati si kwathunthu chifukwa ntchito zina sizingabisike dzina. Ukaimirira kutsogolo kufotokoza ntchito yako, nkhope ndi kalankhulidwe kako zili poyera. Pa ntchito ya pagulu nthawi zina nonse mumalandira malikisi ofanana, wogwira ntchito ndi wongobwera tsiku lomaliza, ndipo zimenezi mpaka lero sindinazivomereze mumtima. Komanso pali lamulo limene linandidabwitsa: ukhoza kudandaula kuti ndondomeko sinatsatidwe, kuti malikisi anaphatikizidwa molakwika, kapena kuti vuto lako lalikulu silinaganiziridwe, koma sungadandaule kuti wochonga anakupatsa 58 pamene iwe ukuona kuti ndi 65. Chiweruzo cha mphunzitsi pa ubwino wa ntchito sichitsutsidwa. Ngakhale ofesi yoima payokha imene imamva madandaulo a ophunzira a ku England ndi Wales, ya Office of the Independent Adjudicator, silowerera pamenepo.

Chaka choyamba chinatha bwino. Monga zilili m'mayunivesite ambiri a ku England, malikisi a chaka chimenechi sawerengedwa pa digiri. Umangofunika kukhoza kuti upitirire. Anzanga ena ankati ndi chaka chongosewera. Kwa ine chinali chaka chophunzira kulemba mwatsopano popanda chilango, ndipo ndikuthokoza kuti chinalipo.

Chaka chilichonse chili ndi ma credit 120, ndipo digiri ya honours ya zaka zitatu imakwana 360. Credit imodzi amaiwerengera ngati maola 10 a ntchito, kuphatikiza a m'kalasi ndi owerenga pawekha, ndiye kozi ya ma credit 20 ndi maola 200. Kozi yolemera ma credit ambiri imakokanso kwambiri pa avereji ya chaka. Kenako zaka ziwiri zomalizazo amaziphatikiza, ndipo apa yunivesite iliyonse ili ndi kaphatikizidwe kake. Pa yunivesite yathu chaka chachiwiri chinkatenga gawo limodzi mwa magawo atatu, chaka chachitatu magawo awiri. Masamu amenewa ndinawadziwa mochedwa, ndipo ndi amene ndikufuna kuti wina awadziwe msanga.

M'chaka chachiwiri, kutatsala masiku ochepa kuti tiyambe mayeso a mu January, agogo aakazi anatisiya. Ndi amene anandilera ndili wamng'ono. Ndalama ya ndege panalibe, ndiye maliro ndinalirira pa foni, ndili ndekha m'chipinda, kunja kukuzizira. Masiku anayi otsatira sindinatsegule buku. Ndinakalowa m'chipinda cha mayeso a statistics mutu uli kumudzi, ndipo ndinatuluka ndi 36.

Panali fomu. Imatchedwa ya mitigating circumstances, kwina amati extenuating circumstances, ndipo ndi ya nthawi ngati imeneyi: matenda, maliro, ngozi. Ukaidzaza pa nthawi yake n'kupereka umboni, akhoza kukulola kulemba mayesowo nthawi ina ngati kuti ukulemba koyamba. Ndinkaidziwa, chifukwa anatiuza sabata yoyamba. Koma sindinaidzaze. Mumtima ndinkati kulemba imfa ya agogo papepala kuti ndipezepo mwayi pa mayeso ndi kuwagulitsa. Ndinkatinso munthu wamkulu amapirira, sakauza alendo mavuto a kwawo. Sindinafunse aliyense, ngakhale mphunzitsi amene anaikidwa kuti azindiyang'anira. Safunsa anadya phula.

Ndinalembanso mayesowo mu August, zimene anzanga a ku mayunivesite a kwathu amati sapu. Ndinakonzekera bwino ndipo pepala langa linafika pa 66. Koma wobwereza mayeso popanda chifukwa chovomerezeka malikisi ake amadulidwa pa 40, ngakhale akhoze chotani. Pa transcript panalembedwa 40. Koziyo inali ya ma credit 20 mwa 120, ndiye malikisi 26 otayikawo anatsitsa avereji ya chaka chonse ndi oposa 4. Chaka chachiwiri ndinamaliza ndi 61 m'malo mwa 65.

Lamulo lodula pa 40 ndilibe nalo mkwiyo. Likanapanda kukhalapo, wina akanamalephera dala mu January kuti apeze miyezi isanu ndi iwiri yoonjezera, ndipo amene anakhoza ulendo woyamba akanalakwiridwa. Chimene chimandipweteka n'chakuti khomo linali lotsegula ndipo ine ndinalidutsa. Anzanga a kwathu amandiuza za mantha a kuwidedwa, kuti ukalephera makozi angapo ulendo wa kumudzi wakwana. Mantha amenewo ndinabwera nawo, ndipo m'malo mondithamangitsira kukapempha thandizo, anandibisa.

Chaka chachitatu ndinachigwira mwamtundu wina. Asayimenti iliyonse ndinkayamba ndi kuwerenga muyezo wochongera, funso pambuyo. Ndisanalembe ndime yoyamba ndinkadzifunsa kuti mfundo yanga ndi iti, ndipo ndingainene m'chiganizo chimodzi kwa munthu amene sanapite kusukulu? Ndikalephera, ndiye kuti sindinakonzeke kulemba. Ntchito ikabwerera, ndinkabisa nambala ndi dzanja n'kuyamba ndawerenga ndemanga. Ndinasonkhanitsa ndemanga zonse za zaka ziwiri m'kope limodzi, ndipo ndinapeza kuti aphunzitsi anayi osiyana ananena chinthu chimodzimodzi: ndimatchula zimene olemba ena ananena n'kuzisiya pomwepo ngati kuti nkhani yatha. Ndinaona kuti chimenechi ndi ulemu umene ndinaphunzira kunyumba, woti wamkulu akalankhula iwe suonjezera. Ulemuwo ndi wabwino pabwalo, koma papepala la yunivesite amayembekezera kuti ukatchula wamkuluyo, unenenso pamene ukugwirizana naye ndi pamene umboni wake ukuperewera. Zinanditengera nthawi kuti ndikhulupirire kuti kuchita zimenezi si chipongwe.

Ndinaphunziranso kusaopa Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta imene imafanizira ntchito yako ndi zolembedwa za ena. Anthu ambiri amaganiza kuti peresenti imene imatulutsa ndi chigamulo choti waba ntchito ya wina. Iyo imangoonetsa mawu ofanana ndi olembedwa kwina, kuphatikizapo mayina a mabuku ndi mawu amene wagwira moyenera. Woweruza ndi munthu. Chofunika ndi kunena poyera kumene watenga ganizo lililonse.

Dissertation yanga inali ya ma credit 40, gawo limodzi mwa magawo atatu a chaka chonse. Ndinabwerera ku nkhani ya fetereza ija, ulendo uno ndili ndi mfundo yanga, ndipo inapeza 74. Avereji ya chaka chachitatu inakwana 70. Nditaphatikiza 61 kamodzi ndi 70 kawiri n'kugawa patatu, ndinapeza 67. Imeneyo ndi 2:1. Pa yunivesite yathu, amene wafika pa 68 kapena 69 bwalo limamuonanso, ndipo ngati theka la ma credit a chaka chomaliza lili pa 70 kapena kuposa, amamukweza kupita pa First. Ma credit anga ankakwana. Mayeso a statistics aja akanawerengedwa pa 66, avereji yanga ikanakhala 68 ndi kadontho. Masamu amenewa ndinawachita kangapo usiku umodzi, kenako ndinatseka kope.

Pamenepa ndi pamene ndimaona kufooka kwa kachitidwe konseka. Ntchito ya zaka imathiridwa m'mabokosi anayi okha. Wa 60 ndi wa 69 amatuluka ndi dzina limodzi, pamene wa 69 ndi wa 70, amene asiyana pang'ono chabe, amatuluka ndi mayina awiri. Eni ake akudziwa. M'chaka cha 2007 komiti yotsogozedwa ndi Robert Burgess, amene anali mkulu wa yunivesite ya Leicester, inanena kuti magawo amenewa sakukwaniritsanso ntchito yake, ndipo inalimbikitsa kuti wophunzira azipatsidwa chikalata chofotokoza zambiri zimene wachita. Chikalatacho chinabwera m'mayunivesite ena, koma magawowo alipobe, chifukwa olemba ntchito anawazolowera. Malonda ambiri a ntchito za omaliza kumene maphunziro amati 2:1 kapena kuposa. Ngakhale Chevening, thandizo la maphunziro la boma la UK limene Amalawi ambiri amafunsira chaka ndi chaka, imayembekezera digiri yofanana ndi 2:1. Ndiye mzere umene umasintha kwambiri moyo wa munthu si wa 70 koma wa 60, pakati pa 59 ndi 60 pomwepo, pafupi ndi pamene essay yanga yoyamba inagwera.

Palinso mkangano woti ma First achuluka. Bungwe loyang'anira mayunivesite a ku England, la Office for Students, linapeza kuti mu 2010/11 omaliza maphunziro pafupifupi 16 pa 100 alionse ndi amene ankapeza First, koma pofika 2020/21 anali pafupifupi 38 pa 100. Chaka chimenecho chinali cha Covid-19, pamene mayunivesite ambiri anafewetsa malamulo kuti mliri usapweteke ophunzira, ndipo pambuyo pake chiwerengerocho chinatsikako. Ena amati aphunzitsi afewa manja, ena amati ophunzira masiku ano amauzidwa momveka zimene zikufunika ndiye akukhoza. Ine ndaona mbali yachiwiriyi ndi maso anga: tsiku limene ndinayamba kuwerenga muyezo, malikisi anga anakwera, ndipo palibe amene anandikomera mtima.

Tisaganizenso kuti dziko lonse limayeza chimodzimodzi. Ku Scotland digiri ya honours ndi ya zaka zinayi, ndipo yunivesite ya Glasgow imachonga pa makwerero 22, kuyambira A1 kutsika. Ku America amagwiritsa ntchito GPA imene nthawi zambiri imathera pa 4.0, ndipo kumeneko 70 ndi malikisi wamba. Choncho 65 payokha sinena kanthu mpaka udziwe nyumba imene yachokera.

Mwana wa azakhali anga wayamba chaka choyamba mwezi wathawu, ndipo anandilembera pa WhatsApp usiku kuti, "Achimwene, ndapeza 55, kaya ndingobwerera kumudzi." Ndinamuimbira nthawi yomweyo. Ndinamuuza kuti atsegule buku la malamulo a kozi yake tili pa foni pomwepo, ndipo tinafufuza limodzi zinthu zinayi: chaka chiti chimawerengedwa ndipo chimalemera bwanji, wochedwa kupereka ntchito amadulidwa malikisi angati pa tsiku, wobwereza mayeso amaimitsidwa pa nambala iti, ndipo fomu ya mavuto imaperekedwa kwa yani, pasanathe masiku angati. Kenako ndinamupempha kuti andiwerengere ndemanga ya aphunzitsi ake. Anali asanaitsegule. Itatsegulidwa, mzere woyamba unkati nkhaniyo akuidziwa bwino, koma maganizo ake sakuoneka.

Satifiketi yanga ili kwa bambo. Anaiika mu felemu pabalaza, pambali pa chithunzi cha agogo, ndipo alendo akafunsa kuti "Upper Second" ndiye kuti chiyani, amawakhazika pansi n'kuyamba kufotokoza kuyambira pa 40.